Mwana wanga akalankhule za ndani pa Black History Month? Muuzeni za Miriam Makeba

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina amene akukhala ku Leeds, ku England. Akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wauzidwa kusukulu kuti mwezi wa October akalankhule mphindi 5 za munthu wakuda amene anasintha nyimbo kapena chikhalidwe, paja amati Black History Month. Anzake ambiri asankha Beyoncé ndi Bob Marley. Ine ndikufuna asankhe wa ku Africa koma olo ineyo sindikudziwa zambiri. Asankhe ndani, nanga akanene chani? Wa ku Malawi angatheke kapena anzake akangomuseka kuti sakumudziwa?"

Mayi, funso lanu landikhudza nde ndikuyankhani motalikirapo, mupirire nane. Zaka zanga zambiri zathera pa nyimbo, kuphunzitsa ana komanso kusakasaka mbale zakale za galamafoni m'manyumba mwa anthu, ndiye ndikamva kuti mtsikana wathu akaima kutsogolo kwa kalasi ku Leeds mtima ukundigunda ngati wokaimayo ndine.

Choyamba musamuletse Beyoncé kapena Bob Marley ngati mukumuletsa chinthu choipa, ayi ndithu, amenewo ndi akuluakulu, Bob Marley paja anafika yekha kudzaimba ku Rufaro Stadium mu April 1980 pomwe Zimbabwe imalandira ufulu. Kungoti ana ambiri akanena za munthu mmodzimodzi yemweyo kalasi silimva chatsopano. Mwambo umenewu anauyambitsa ndi Carter G. Woodson ku America mu 1926, unali sabata imodzi chabe mu February, unadzakhala mwezi wathunthu mu 1976, ndipo kwanuko ku Britain unayamba mu 1987, amene anaulimbikira anali bambo wa ku Ghana, Akyaaba Addai-Sebo. Cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali kutulutsa mayina amene mabuku asukulu anawasiya kunja. Nde mwana wanu akabwera ndi dzina loti anzake sanalimvepo ndiye kuti wachita zomwe mweziwo anaupangira.

Ine ndikuti atenge Miriam Makeba, amene anthu amamutcha Mama Africa. Sindikusankha chifukwa cha mphotho zomwe analandira, ngakhale zilipo zambiri. Ndikusankha chifukwa nkhani yake ndi ya mtsikana amene anakakhala kutali ndi kwawo, pakati pa anthu osadziwa chiyankhulo chake, osatha olo kutchula dzina la nyimbo yake, koma iye sanalole kusiya lilime lake, tsitsi lake ndi nkhani ya anthu akwawo, ndipo zimenezo anazilipira modula. Mwana wanu nkhani imeneyi aimva msanga kuposa momwe mukuganizira chifukwa mbali ina akuikhala tsiku ndi tsiku.

Anabadwa pa 4 March 1932 ku Johannesburg, ku South Africa, dzina lake lakwawo ndi Zenzile. Bambo ake anali a mtundu wa Xhosa, mayi ake a mtundu wa Swazi, ankagwira ntchito m'nyumba za azungu komanso anali sing'anga wa mizimu. Kuti apeze kangachepe ankafulula umqombothi, mowa wofanana ndi masese athu aja, koma nthawi imeneyo lamulo silinkalola munthu wakuda kufulula ndi kugulitsa mowa, nde apolisi anawagwira mwana ali ndi masiku 18 okha chibadwire. Anawalamula kukakhala kundende miyezi 6 ndipo khandalo linapita nawo. Tangoganizani mayi, inu amene mukudziwa kuti masiku 18 mwana amakhala bwanji, mchombo wangogwa kumene, mayi thupi silinabwerere, nkumakagona pa simenti ya m'ndende. Miyezi yoyamba ya moyo wa Miriam Makeba inathera mmenemo. Ngati mwana wanu akufuna poyambira poti kalasi lonse likhale chete, ayambire pamenepa.

Kuimba anayambira mu kwaya ya kusukulu ndi kutchalitchi ngati ana athu ambiri. M'ma 1950 analowa gulu la Manhattan Brothers lomwe linali lotchuka kwambiri nthawi imeneyo, kenako anakhala mu gulu la azimayi okhaokha la Skylarks. Iyi inali nthawi ya Sophiatown, dera la ku Johannesburg komwe anthu akuda, amwenye, achikaladi ndi ena ankakhalira limodzi, kodzaza ndi oimba, olemba ndi mashabini. Boma la tsankho silinasangalale nazo, pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 anafika kudzayamba kusamutsa anthu mokakamiza kupita ku Meadowlands ku Soweto, nyumba nkuzigumula, malowo nkuwapatsa azungu ndi dzina latsopano loti Triomf. Nyimbo za Makeba zinakulira mu fumbi limenelo, nchifukwa chake olo ikhale yovina mumamvamo kulira pansi pake.

Chaka cha 1959 ndi chomwe chinatembenuza zonse. Anasewera mu sewero la nyimbo la King Kong, momwe munalinso mnyamata woimba lipenga Hugh Masekela amene anadzakhala mwamuna wake kwa kanthawi, komanso anaoneka mu filimu ya Come Back, Africa imene Lionel Rogosin wa ku America anaijambula mobisa pofuna kuonetsa dziko moyo weniweni wa anthu akuda pansi pa tsankho. Mu filimuyo amangooneka mphindi zochepa, akuimba mu shabini, koma mphindi zimenezo zinamutengera ku Venice komwe filimuyo inakaonetsedwa, kenako ku London komwe anakumana ndi woimba wotchuka wa ku America Harry Belafonte, mpakana ku New York kumapeto kwa chaka chomwecho.

Apa mpomwe ndikufuna mtsikana wanuyo akhazikike. Ku New York kukanakhala kosavuta kuti Makeba azingoimba m'Chingerezi, awongole tsitsi ngati momwe oimba ambiri achikuda ankachitira nthawi imeneyo, asanduke ngati wa konko. Sanatero. Ankakwera pa siteji ndi tsitsi lake lalifupi lachibadwa, mafuta oyeretsa khungu ankawakana olo kuwatsatsa kumene, ndipo ankaimba m'Chixhosa, m'Chizulu, m'Chisotho, pena m'Chiswahili. Pali nyimbo yaukwati ya Chixhosa yotchedwa Qongqothwane, yonena za kachilombo kena kamene kamagogoda pansi, muli timawu tija tothethetsa lilime kunkhama kuti "tho", azungu zinawakanika kutchula nde anangoitcha The Click Song. Iye asanayambe kuimba ankawafotokozera omvera kuti kaphokoso kameneka si phokoso wamba, ndi chiyankhulo chake. Mupezeni kanema wake pa YouTube muone nokha momwe amaimira, mapewa ali phee, maso ali gaa kwa anthu, kumwetulira pang'ono basi, mawu akutuluka ngati madzi a pa kasupe. Amene munamvapo nyimbo za ingoma za Angoni a ku Mzimba kapena kwa Mpezeni mudziwa kuti chiyankhulo chimenecho si chachilendo kwenikweni kwa ife, Chingoni chakale ndi Chizulu ndi pachibale.

Pa 21 March 1960 apolisi anawombera anthu amene ankachita zionetsero zokana mapasi, ziphaso zomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo, ku Sharpeville, anthu 69 anafa. Chaka chomwecho mayi ake a Makeba anamwalira. Atafuna kuti apite kumaliro anapeza kuti pasipoti yake boma laithetsa. Sanakaike mayi ake m'manda. Inu amene muli kunjako sindikufunika kukufotokozerani ululu umenewu, ambiri mwa inu munalirapo maliro pa foni chifukwa cha mapepala kapena ndalama ya ndege. Kwathu munthu akapita kutali nkusiya kubwera timamutcha mtchona, koma Makeba sanali mtchona, sanaiwale kwawo olo tsiku limodzi, anachita kumutsekera khomo, ndipo linakhala chitsekere zaka 30.

Poyamba sankakonda kulankhula zandale poyera, ankaopera abale ake amene anatsala kumudzi. Koma mu 1963 anakaima pamaso pa komiti ya United Nations yoona za tsankho, anabwereranso mu 1964, nkupempha mayiko kuti asiye kugulitsa zida ku South Africa ndi kuchita nalo malonda dzikolo. Kanema wake alipo, wakuda ndi woyera, akuwerenga pa pepala ndi mawu otsika kwambiri, osakalipa, ngati mwana wamkazi woleredwa bwino akulankhula pabwalo la amfumu, koma funso lomwe anawafunsa atsogoleri a mayiko linali lakuthwa, loti iwo akanakhala m'malo mwa anthu akuda a kwawoko akanangokhala chete kodi. Boma linamulanda unzika, mbale zake zinaletsedwa m'dzikomo. Mayiko ena monga Guinea, Ghana, Algeria ndi Belgium ndi amene anamupatsa mapasipoti. Ndinene chilungamo apa ngakhale chimawawa: nthawi yomwe mayi ameneyu amachonderera dziko lapansi kuti lisale boma la tsankho, boma lathu la Malawi pansi pa Dr Banda linakhazikitsa ubale waukazembe ndi boma lomwelo mu 1967, ndipo mu 1971 a Banda anakacheza konko. Mwana wanu sakufunika kukanena zimenezi m'kalasi, koma azidziwe.

Zamphotho ndidutsa msanga. Mu 1966 analandira Grammy limodzi ndi Belafonte chifukwa cha chimbale chomwe anajambula awiriwo, woimba woyamba wa ku Africa kuilandira. Mu 1967 Pata Pata, nyimbo yomwe anali ataijambula kale kwawo m'ma 1950, inatulukanso ku America nkufika pa nambala 12 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka kumeneko. Mpaka lero pa ukwati ikalira azimayi amadzuka.

Ndiye ali pamwamba choncho, mu 1968 anakwatiwa ndi Stokely Carmichael, mmodzi mwa atsogoleri olimba mtima a anthu akuda ku America, wa mfuu ija ya Black Power. Makampani a nyimbo anamutaya, makonsati anathetsedwa, dziko lachiwiri linamutembenukira. Anasamukira ku Guinea komwe pulezidenti Sékou Touré anamulandira, anakhalako zaka pafupifupi 15, mpaka anakaimirako dziko la Guinea ku United Nations mu 1975. Mu 1974 anaimba ku Kinshasa pa chikondwerero chachikulu chomwe chinatsogolera nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman, pa siteji imodzi ndi James Brown, B.B. King, Franco ndi Tabu Ley. Sindikuti anali mngelo ayi. Boma la Sékou Touré linazunza anthu ambiri ku ndende ya Camp Boiro ndipo alipo amene amamudzudzula Makeba chifukwa choyandikana nalo. Enanso anamukwiyira mu 1987 atayenda ndi woimba wa ku America Paul Simon pa ulendo wa chimbale chake cha Graceland, womwe unafikanso ku Harare, chifukwa ankati chimbalecho chinaswa lamulo losala South Africa pa zachikhalidwe. Kulemekeza munthu sikutanthauza kubisa zimenezi, mwana wa zaka 13 angathe kumva kuti munthu wamkulu amasankhanso zinthu zovuta, zina anthu nkumatsutsana nazo mpaka lero.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Bongi, amenenso anali woimba ndi wopeka nyimbo, anamwalira mu 1985 ku Guinea. Mayi anataya mayi ake ali kutali, nkudzaikanso mwana wake m'dothi lachilendo. Nelson Mandela atatuluka m'ndende pa 11 February 1990 anamulimbikitsa kuti abwerere, ndipo mu June chaka chomwecho anapondanso Johannesburg. Anakagwada pa manda a mayi ake patapita zaka 30.

Imfa yakenso mwana wanu aidziwe. Pa 9 November 2008, ali ndi zaka 76, thupi litatopa kale, anapita ku Castel Volturno kufupi ndi Naples ku Italy kukaimba pa konsati yothandiza mlembi Roberto Saviano amene ankaopsezedwa ndi gulu la zigawenga la Camorra. M'tauni yomweyo miyezi iwiri m'mbuyomo zigawengazo zinali zitapha anthu 6 ochokera ku West Africa. Anaimba Pata Pata, atangomaliza mtima unamugwira, anamwalira usiku womwewo.

Tsopano funso lanu lija loti wa ku Malawi angatheke. Angatheke kwambiri, ndipo ine ndikanakonda kuti asasankhe pakati pa awiriwa, awalumikize, chifukwa ulusi wake ulipo weniweni osati wochita kupeka. Nthawi yomwe Makeba amaimba ndi Skylarks, m'misewu ya Johannesburg munali nyimbo za kwela, anyamata akuliza titoliro tachitsulo totchipa, wotchuka kwambiri anali Spokes Mashiyane amene anajambulapo nyimbo ndi Skylarks yomweyo. Liwu loti kwela ndi lomwelija lathu loti kwera, ena amati linachokera pa galimoto ya apolisi imene anthu ankaitcha kwela-kwela. Nyimbo zimenezi zinafika kwathu m'mathiranki a azibambo athu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela. Ndikukumbuka malume anga atabwera kuchokera ku Joni, monga ankanenera akuluakulu, ndili kamnyamata. Anatsegula thiranki pakhonde, pamwamba majekete, pansi pake mbale zokulungidwa mu bulangete kuti zisasweke, ndi kachitini kakang'ono ka masingano. Galamafoni anaiika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, ntchito yanga inali yopukusa chogwirira chija, ndikachedwa nyimbo imayamba kulefuka ngati munthu wanjala anthu nkukuwa kuti pukusa iwe! Mudzi wonse unasonkhana mpaka agogo aakazi anavula mpango nkumanga m'chiuno. Sabata isanathe anyamata tonse tinali tikuboola mabango ndi msungwi kuti tipange zitoliro zathu.

Mwa anyamata a m'badwo umenewo amene anaitenga kwela nkuipanga kukhala yathu, palibe oposa Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Anakhalako ku Salisbury, Harare ya lero, ali ana, komwe anaimva kwela, atabwerera kumudzi anayamba kuimba m'misewu ya Blantyre, Daniel pa gitala, Donald pa chitoliro chomwe ankachilowetsa mkati mwa kamwa mopendeketsa kuti mawu azituluka onenepa, pambali pali chisekese ndi besi ya chingwe chimodzi, babatoni. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre nkuwajambula, ndipo pofika 1972 nyimbo zawo zinali zikumveka pa masiteji a ku Ulaya. Chodabwitsa nchoti nthawi imeneyo ku South Africa komweko kwela inali itayamba kuzilala, amene anaisunga ndi kuikulitsa anali ana a ku Chileka. Daniel anamwalira mu 1987, Donald anakaphunzitsako ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, anamwalira mu 2001. Babatoni uja sanafe, lero Madalitso Band ya ku Lilongwe ikuyenda naye m'mayiko a ku Ulaya, mwinanso anafikapo kufupi ndi kwanuko. Ndiye anzake akamuseka bwanji mwana amene akuwaonetsa kanema wa munthu akuliza besi ya chingwe chimodzi yopanga yekha anthu masauzande akuvina? Ana amakonda zoona ndi maso.

Palinso mayi wina woti asamuiwale olo pongomutchula, Dorothy Masuka, mnzake wa Makeba, wobadwira ku Bulawayo mu 1935, bambo ake anali a ku Zambia. Nayenso nyimbo zake zinaletsedwa chifukwa choimba za nduna yaikulu ya South Africa Malan ndi za mtsogoleri wa ku Congo Patrice Lumumba, anathawa, anakhalako ku Malawi ndi ku Tanzania, kenako zaka zambiri ku Zambia. Anamwalira mu 2019. Mukaona moyo wa mayi ameneyu mumaona kuti nyimbo za kuchigawo chathu chino sizinkadziwa malire, zinkayenda ndi sitima ndi anthu osaka ntchito ndi othawa nkhanza.

Pa kalankhulidwe kake, mphindi 5 nzochepa, asayese kunena zonse ndalembazi. Ana ambiri amayamba ndi anabadwa chaka chakuti, anamwalira chaka chakuti, kalasi nkugona. Iye apemphe aphunzitsi kuti ayambe ndi nyimbo, masekondi 30 a Qongqothwane basi, aizimitse, awafunse anzake kuti ndani angatchule dzina la nyimboyo, ayesere onse aseke, kenako awauze kuti mayi amene mwamumvayu miyezi 6 yoyamba ya moyo wake anali m'ndende, ndipo chifukwa cholankhula zoona anakanizidwa kukaika mayi ake. Zaka azitchule zitatu kapena zinayi zokha, 1932, 1960, 1963, 1990, zikwanira. Mphindi yomaliza aisungire kwawo, anene kuti nyimbo za m'misewu yomwe Makeba anakulira zinafika mpaka kwa makolo anga ku Malawi, aonetse chithunzi cha a Kachamba kapena babatoni. Ngati ali ndi chitenje apite nacho, koma musamukakamize kuvala, pa msinkhu umenewo mwana amafuna asankhe yekha. Ndipo dzina alitchule bwino, Ma-ke-ba, mawu onse omveka ngati momwe timatchulira mayina athu, osalimeza.

Chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani inuyo mayi. Nkhani ya tsitsi ndi mafuta oyeretsa khungu ija mukambirane awiri musanafike tsikulo, muli kukhitchini kapena mukumuluka, osati ngati phunziro, mungomuonetsa chithunzi cha Makeba cha m'ma 1960 nkumufunsa kuti akuona chani. Atsikana athu kunjako amamva zambiri zokhudza tsitsi lawo zomwe sabwera nazo kunyumba, mwina pamenepa mpomwe angatsegule pakamwa.

Kenako Lamlungu likubwerali mukamaimbira agogo ake pa WhatsApp mumupatse foni mtsikanayo afunse yekha, m'Chichewa chomwe ali nachocho olo chikhale chothyokathyoka, kuti m'banja mwanu ndani anapitako ku Wenela kapena ku Salisbury, anabwera ndi chani mu thiranki, nyimbo yoyamba yomwe anaimva pa galamafoni kapena pa wailesi inali iti, nanga ankavina bwanji. Mayankhowo awalembe pa pepala lomwelo la Makeba, ndipo agogo akayamba kuimba pa foni musawadule, mujambule.